Zikani Makwinja Ali ku Joni

Tlhabane, Rustenburg
3 Novembala 1991

Okondedwa achimwene a Zikani,

Landirani moni wochokera kuno ku Joni. Ngati muli bwino inu, alamu a Mwandida ndi mwana wathu Linnet, ine ndingothokoza Mulungu. Kuno tilipo. Chifuwa chokhachi ndiye chikulirabe ngati wailesi yakutha mabatire, paja fumbi la mumgodi silituluka m'thupi ngakhale munthu utasiya ntchito.

Koma achimwene, ndakulakwirani chiyani ine? Iyi ndi kalata yachitatu chiyambire Ogasiti, koma yankho ziii. Kodi aphunzitsi a masiku ano, choko chikatha mumataya ndi cholembera chomwe? Kapena mukadali ndi mangawa kuti sindinabwere pamaliro a amayi? Ndinakufotokozerani kale kuti munthu wa mapepala ngati angawa sadutsa pachipata cha dziko mwachisawawa. Munditche mtchona, ndavomera, koma chibale ndi fupa, sichiola.

Dzina lanu ndikulisamala bwino, musade nkhawa. Zaka makumi awiri ndi zisanu zakwana chichokere tsiku lija munandipatsa chiphaso chanu cha msonkho kuti a Wenela, otumiza anthu kumigodi aja, andilembe ntchito, ine ndili kamwana kopanda ndi ndevu zomwe. Kumgodi konse, ku ofesi ya penshoni, ngakhale kutchalitchi kuno, ine ndine Zikani Makwinja. Kupatula a Maxon a kwathu aja, amene amadziwa kuti kunabadwa munthu wotchedwa Beston ndi Mma Kagiso yekha, mkazi wanga, ndipo amalitchula pokhapokha ndikamupsetsa mtima. Ndiye inu a Zikani akumudzi muziyenda bwino kumeneko, musandiipitsire mbiri!

Ndiuzeni za mvula, za sukulu yanu, ndiponso ngati Linnet akadataipabe makalata kwa asisteri ku Limbe. Ndiyankheni, achimwene, ngakhale mizere iwiri.

Ndine mng'ono wanu,
Beston


Chiradzulu
27 Novembala 1991

Alamu,

Kalata yanu yafika. Tili bwino. Mvula yachedwa, sitinabzale.

Achimwene anu sangathe kukuyankhani pakali pano. Ndikupempheni chinthu chimodzi: musamalembe zambiri m'makalata. Nkhani zakale zija zisiyeni. Moni yekha ndi wokwanira.

Dziko lathu lili pamtendere ndipo tonse tikuthokoza.

Ndine mlamu wanu,
Mwandida


Tlhabane
12 Januwale 1992

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira Khirisimasi munadya bwino, ngakhale ife a ku Joni simunatikumbuke.

Aaa, koma kalata ya alamu ija! Anandilembera ngati akulembera wokhometsa msonkho. Akuti nkhani zakale ndizisiye. Chabwino. Ngati mwaganiza zondinyanyala, nenani nokha ndi dzanja lanu, osatuma mkazi. Ine zinandiwawa, ndisaname. Koma mwina mukamva izi mtima wanu utsika, chifukwa mng'ono wanu uja mumamuyesa wotayika watchuka.

Lachisanu lapitali masana, ndili pakhonde kusoka nsapato, panaima galimoto yakuda yonyezimira. Munatuluka abambo awiri a masuti, mafuta onunkhira kuti guu. Mmodzi anagwira chipewa pachifuwa nati, "Odi, kodi pano ndi pa a Zikani Makwinja a ku Chiradzulu?" Chichewa chakwathu chenicheni, achimwene, chosasakaniza ndi Fanakalo ya kumgodi ngati chathuchi. Anandibweretsera paketi ya tiyi wa ku Thyolo ndi botolo la tsabola. Nditanunkhiza tiyiyo misozi inalengeza.

Anati atumidwa kuchokera kumudzi. Akuti kutsidya kwa nyanja, ku Geneva, kukhala msonkhano wa maiko wokamba za ufulu wa anthu, ndipo kuli adani amene akunamizira dziko lathu kuti anthu akumangosowa. Maikowo adzaponya voti. Ndiye iwo akuyenda kusonkhanitsa umboni woti Amalawi ali bwinobwino kulikonse kumene ali. "Madala," anatero wamkuluyo, "tikufuna nkhope ya munthu wolimbika, wokhetsera thukuta dziko lake."

Ndinavala jekete yanga yakutchalitchi ija. Anandiimika pageti, dzanja lina chiphaso cha kumgodi, dzanja lina nyuzipepala ya tsiku lomwelo, n'kundijambula katatu. Kenaka anatulutsa pepala lachingerezi. Paja ine Chingerezi changa ndi cha "yes bwana" basi, ndiye anandimasulira. Dzina, Zikani Makwinja. Mudzi wathu, mfumu yathu, dzina la malemu bambo. Kenaka mawu akuti ndili moyo, ndili mfulu, ndimakhala ku Rustenburg mwa kufuna kwanga. Bodza lili pati pamenepo? Ndinasaina monga ndimasainira ku penshoni mwezi ndi mwezi, ndi chala chomwe ndinadinda.

Atachoka, Mma Kagiso anayamba zake zija. Akuti Amalawi adzaza Tlhabane yense, ena ali ku Bapong, nanga bwanji abwera kwa iwe wekha? Bwanji sanapite kwa a Maxon, amene ndi apampando a bungwe lathu la maliro? Ndinamuuza kuti hayikona, mkazi, nsanje ayi. A Maxon ndi mano awo awiri aja angakwere ndege kupita ku Geneva?

Ndiye dziwani kuti dzina lanu likukaonekera pamaso pa maiko. Mukamva pawailesi, muuze ana a sukulu kuti ameneyo ndi ife.

Mng'ono wanu wosakwiya msanga,
Beston


Kalata yapamanja. Inafika ku Tlhabane pa 22 Febuluwale 1992.

Limbe
6 Disembala 1991

Bambo aang'ono,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira a Mohamadi, oyendetsa lole yopita ku Joni, ndipo aibisa mu mpando. Mukawerenga muiotche.

Bambo anamangidwa. Pa 14 Ogasiti kunabwera anthu anayi kusukulu, n'kuwatulutsa m'kalasi ana akuona, choko chili m'manja. Mlandu wake ndi woti pamsonkhano wa aphunzitsi anaimirira n'kufunsa komwe kunapita mnzawo wina amene anatengedwa chaka chatha. Funso limodzi lokhalo. Kukhoti sanapite nawo. Amayi ayenda maofesi mpaka zidendene kung'ambika, kulikonse akungoti sitikumudziwa. Koma msilikali wina wa ndende, wa mpingo wathu, anatinong'oneza kuti ali moyo ndipo akutsokomola kwambiri.

Amayi sakanatha kukulemberani zimenezi. Makalata onse ochokera kunja amafika atatsegulidwa n'kumatidwanso. Yanu ya Novembala ija inafika guluu asanaume bwino. Amayi atawerenga ndime ya chiphaso cha msonkho anangokhala pansi pabwalo. Bambo aang'ono, anthu aja tsopano akudziwa kuti ku Joni kuli munthu wina woyenda ndi dzina la bambo.

Mvetsetsani chifukwa chake tikuopa. Kuno kumishoni kumene ndimataipa, tinalemba mwakabisira maina a anthu makumi atatu ndi mmodzi amene ali m'ndende popanda mlandu. Ndinataipa ndine, ndipo bambo ndi a nambala naini. Sisiteri wina anatuluka nawo mainawo atawasokerera mu mpendero wa chovala. Tsopano ali m'manja mwa maloya a ufulu wa anthu ku Geneva. Kumayambiriro kwa Malichi maiko adzavota ngati atumize anthu awo kudzayendera ndende zathu ndi kuona anthu a pamndandandawo maso ndi maso. Asisteri akuti munthu amene dzina lake latchulidwa kunja samusowetsa, chifukwa amadziwa kuti adzafunsidwa. Chiyembekezo chathu chonse chili pa dzina limenelo.

Ndiye chonde, ndagwira mwendo wanu. Wina aliyense akabwera kudzafunsa za Zikani Makwinja, kaya aoneke waulemu chotani, musamuyankhe. Musasaine kanthu. Ngati n'kotheka kabisaleni kwa anzanu mpaka Malichi adutse.

Mwana wanu,
Linnet


Tlhabane
23 Febuluwale 1992

Linnet mwanangu,

Mayo ine! Mayo ine, ndapha mbale wanga!

Kalata yako yafika dzulo. A Mohamadi akuti chifukwa cha nkhondo ya ku Tete anazungulira ku Zambia, lole n'kuwafera kumeneko, ndipo anakhala masabata asanu ndi awiri kudikira chitsulo. Anandipatsa akupepesa, osadziwa chimene anyamula. Ndinawerenga nditaimirira. Nditafika pa mawu akuti musasaine kanthu, pepala linagwa, ndipo Mma Kagiso akuti ndinalira mokuwa mpaka anthu oyandikana nafe anabwera kudzafunsa kuti wamwalira ndani.

Anabwera kale, mwanangu. Anabwera pa 10 Januwale. Ndinasaina, ndinadinda chala, anandijambula ndikumwetulira. Ndinawathokoza! Ndinawaperekeza mpaka pagalimoto, n'kuwatsegulira chitseko ndi manja angawa. Zonse ndinalembera bambo ako m'kalata ya pa 12 Januwale, ndikudzitama ngati chitsiru. Kodi sinafike?

Miyezi isanu ndi umodzi achimwene ali m'ndende, ine ndili kuno kunyanyala kuti sakundiyankha. Ndinkawanena kwa a Maxon kuti maphunziro awapatsa matama. Tiyi uja ndamwa mpaka paketi kutha.

Sindinaganizepo n'kamodzi komwe. Dzina limenelo ndalivala zaka zonsezi mpaka ndinaiwala kuti lili ndi mwini wake. Munthu akaitana Zikani, khosi langa limatembenuka lokha. Kumgodi anatiphunzitsa kuti pepala likabwera usachedwetse mzere, dinda upite. Ndadinda mapepala mazanamazana osawerenga, ndipo palibe limene linandilumapo.

Mawa m'mawa ndikwera minibasi kupita ku Johannesburg. Abusa athu akudziwa loya wa mpingo amene amathandiza pa nkhani zotere. Ndikanena zonse. Kalatayi ibwera ndi a Mohamadi pobwerera. Uwauze asisteri atumize mawu msanga kuti wa pachithunziyo si Zikani, ndi Beston, chitsiru cha ku Tlhabane.

Amayi ako sindikudziwa ndiwalembera chiyani.

Bambo ako aang'ono,
Beston


Limbe
19 Malichi 1992

Bambo aang'ono,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa motero.

Makalata anu awiri afika sabata imodzi. Yapamanja inafika Lolemba. Ya ku positi ija, ya pa 12 Januwale, inafika Lachitatu. Anaisunga miyezi iwiri, n'kuitumiza zonse zitatha, kuti tiwerenge bwino mmene munavalira jekete.

Voti inachitika pa 4 Malichi. Tinagonja.

Mayi wina wa gulu la maloya aja analembera asisteri zonse mmene zinayendera, ndipo ndamasulira amayi mawu ndi mawu. Akuti poyamba zinthu zinali bwino. Maiko okwanira anali atalonjeza kuti avomereza zotumiza oyendera ndende. Kenaka kunafika anthu a masuti ochokera kuno. Sabata yathunthu ankayenda hotelo ndi hotelo, kuitanira nthumwi za maiko ku chakudya. Kwa ena ankati, inunso muli ndi milandu yanu pamsonkhano uno, mutiteteze lero, ife tidzakutetezani mawa. Paja amati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Koma ena anakana ndithu, ankati anthu makumi atatu ndi mmodzi si nkhani yogulitsana patebulo.

Amenewo ndi amene anawaonetsa chithunzi chanu. Anachisindikiza chachikulu, pamodzi ndi pepala munasaina lija, n'kuika pa mpando wa nthumwi iliyonse. Ankati, onani nambala naini, amene akuti akuvutika m'ndende, suyu akumwetulira ku Rustenburg ndi nyuzipepala ya Januwale? Dzina lomwelo, mudzi womwewo, bambo ake omwewo, chidindo cha chala chogwirizana ndi mabuku a kumgodi. Ngati dzina limodzi ndi labodza, enawo muwakhulupirira bwanji? Maloya athu nawonso anadabwa. Mayiyo akuti anafika pokayikira asisteri kuti mwina anawapatsa mndandanda wopeka.

Maiko anayi amene analonjeza anatembenuka. Ena anangokhala osavota. Tinaperewera mavoti atatu okha. Atatu, bambo aang'ono! Oyendera ndende sabwera. Ndipo si bambo okha, anthu enanso makumi atatu aja agwera limodzi m'dzenje lomwelo. Ine ndinataipa maina awo ndi zala zanga, ndimawadziwa onse pamtima, ndipo akazi awo ena ndimakumana nawo pamsika.

Sabata yatha amayi anapitanso kuchipata cha ndende ndi kamtolo ka mankhwala a chifuwa. Kale ankangowabweza. Ulendo uno wamkulu wa ndendeyo anatuluka yekha, akuseka, n'kuwaonetsa chithunzi chija. Anati, "Mayi, mukuvutikiranji? Amuna anu anakuthawani, ali ku Joni ndi mkazi wachitswana. Pitani mukawasumire kwa ankhoswe." Amayi anabwerera ndi mankhwala awo, ndipo mpaka lero sakudya bwino.

Msilikali wa mpingo wathu uja akuti dzina la bambo lafufutidwa m'buku loitanira akaidi m'mawa. Akuti munthuyo alipo, koma saitanidwa.

Ndikudziwa kuti simunachite dala. Ndikudziwa. Koma ndikatseka maso ndikuona mano anu pachithunzi chija, ndipo ndikulephera kupemphera.

Linnet


Tlhabane
20 Epulo 1992

Alamu a Mwandida,

Ndikugwada polemba kalatayi. Moni sindikudziwa ngati mungaulandire kuchokera kwa ine.

Ndinapita kwa loya uja. Ndinalumbira pa Baibulo kuti ndine Beston Makwinja, wobadwa wachitatu, ndipo Zikani ndi mkulu wanga, mphunzitsi, amene sanapondepo ku Joni chibadwire. A Maxon, amene ndinkawaseka mano aja, anavala suti yawo n'kundiperekeza kukachitira umboni, pakuti anatidziwa tonse awiri tili ana. Loyayo anagwira kumutu. Anandifunsa katatu ngati ndikumvetsa chimene chindichitikire ndikasaina. Ndinati bwana, nthawi yoyamba m'moyo wanga ndikusaina chinthu chimene ndachimva.

Zonse zitatheka, anatumiza pepalalo ku Geneva pa makina a fakisi. Linafika pa 6 Malichi, chifukwa tinataya masiku kufunafuna womasulira wolumbira ndi chidindo cha boma la kuno. Masiku awiri okha voti itadutsa, alamu. Anayankha kuti alandira, ndipo nkhaniyi adzaiutsanso pamsonkhano wotsatira. Nditafunsa kuti wotsatirawo ndi liti, anati chaka chamawa. Ndinaseka ngati wamisala muofesi ya eni ake. Chaka chamawa! Munthu wa chifuwa, pasimenti, m'nyengo yozizira ikubwerayi?

Za kuno n'zazing'ono, koma ndinene kuti mudziwe. Penshoni aimitsa, akuti munthu amene anagwira ntchitoyo kulibe. Akuti mwina andithamangitsa m'dziko. Kagiso, mwana wanga woyamba, bambo wa ana awiri tsopano, anandifunsa kuti, "Ndiye ife ndife ana a ndani?" Kutchalitchi anthu akusowa pondiitanira, amangoti madala. Zonsezi ndazilandira, ndipo sizikufika ngakhale pa chala cha zimene mukuona inu.

Sindikupempha chikhululuko, ndilibe nkhope yake. Ndikupempha mawu amodzi okha. Kodi achimwene ali moyo? A Mohamadi abwereranso kuno mwezi wamawa. Ngakhale simufuna kulemba, auzeni pakamwa.

Beston


Chiradzulu
28 Juni 1992

Alamu,

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinalibe choti ndikuuzeni. Tsopano ndili nacho.

Achimwene anu anamwalira pa 9 Meyi.

Sanatiuze ndi a boma. Masabata awiri apitawa kunabwera bambo wina woonda kwambiri, woyenda ndi ndodo, dzina lake a Symon. Ndi mmodzi wa amene atulutsidwa mwezi uno, pakuti zinthu kuno zayamba kugwedezeka ndipo ena akuwamasula. Anali m'chipinda chimodzi ndi achimwene anu miyezi isanu ndi itatu. Anayenda wapansi kuchokera pa Njuli kudzandipeza, asanakafike ndi kwawo komwe.

Akuti chifuwa chinakula mu Epulo. Anzawo ankagogoda chitseko kupempha kuti apite nawo kuchipatala, koma ankayankhidwa kuti m'buku mulibe munthu wotero, ndiye chikalata cha kuchipatala alemba dzina la yani? Amene atulutsidwa mwezi uno anawaitana kuchokera m'buku lomwelo. Achimwene anu akanapirira masabata asanu okha, kaya akanaitanidwa, kaya ayi, sindikudziwa.

Akaidi anzawo ndiwo anawaika m'manda kuseri kwa mpanda wa ndende. Ndinapita ndi Linnet kukapempha thupi, kapena atilozere pamene pali manda. Anatiuza kuti sangapereke mtembo wa munthu amene ali moyo ku Joni. Ndiye maliro tinalira opanda bokosi. Anthu anasonkhana, azimayi a Mvano anaimba, tinakhala pamphasa masiku atatu, koma kumanda sitinapite. Mpaka lero ndikaona munthu wamtali akutsika pamsewu ndimaimirira.

Pali mawu amene a Symon anatumidwa, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba.

Akuti mu Malichi, voti ija itadutsa, anaitanitsa achimwene anu ku ofesi. Anawaonetsa chithunzi chanu kuti awathyole mtima. Anawauza kuti, "Iwe kulibe. Zikani Makwinja ndi uyu, maiko onse avomereza." Achimwene anu anachigwira pafupi ndi maso, paja magalasi anawalanda tsiku loyamba. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka anthu aja anayesa kuti zawalowa. Atabwerera m'chipinda, a Symon anaona akumwetulira, ndipo anaopa kuti mutu wasokonekera. Koma iwo anati, "Ndamuona mng'ono wanga. Ndinamuperekeza pa depoti ya Wenela ali kamwana, lero ali ndi imvi. Koma akuoneka kuti akudya bwino."

Usiku woti amwalira mawa lake anawagwira a Symon dzanja n'kunena kuti, "Mukadzatuluka mukawauze kwathu asamukalipire Beston. Chiphaso chija sanabe. Ndinamupatsa ndine, kuti akapeze poyambira."

Mawuwo ndapereka monga anatumira, sindinachotsepo kapena kuonjezera. Linnet wawamva, ndipo akuti pepala lanu lolumbira lija alitaipanso kuti lipite ndi maina a amene atsala m'ndende.

Amene anakukhululukirani ndi achimwene anu. Ine kwanga sikunafike, alamu, ndipo musandifunse msanga.

Mwandida